Mukafika ku Mandala, Muzungulirenso Kuseri

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mwakulira mu Blantyre, dzina loti Mandala mumalitchula pafupifupi tsiku lililonse. Mumalitchula pouza kondakitala pokatsikira, mumalitchula pofotokoza kumene amakhala abwana a kuntchito kwanu. Koma munthu akakufunsani kuti nyumba yeniyeni ya Mandala ili pati, ambiri mumangoyang'anana. Ili pomwepo, kamtunda kochepa kuchoka pa msewu waukulu wa Masauko Chipembere, pakati pa mitengo ikuluikulu: nyumba yosanja, yamakoma oyera, yokhala ndi khonde pansi ndi pamwamba pomwe. Inamangidwa mu 1882, ndipo mwa nyumba zonse zimene zikuimabe m'Malawi muno, imeneyi ndiyo imawerengedwa kuti ndi yakale kuposa zonse. Tchalitchi cha St Michael and All Angels cha ku mishoni, chimene ambiri amachiyesa chiyambi cha mzindawu, anayamba kuchimanga mu 1888 n'kuchimaliza mu 1891. Pamene ankakumba maziko ake, n'kuti nyumba ya Mandala itaona kale madzinja angapo.

Ndikufuna mukaione ndi maso anu, koma osati kukangojambulitsa pakhonde n'kubwerako. Akuluakulu akamakaona kumene mwana wawo akufuna kukwatira, sakhutira ndi bwalo losesedwa bwino. Amapempha madzi akumwa kuti aone chikho, kenaka amanamizira kufuna kokataya madzi kuti aone kuseri. Nyumba yakale muziiyendera chimodzimodzi.

Eni ake anali amalonda. Mu 1878 anthu achuma a ku Glasgow, ku Scotland, anakhazikitsa kampani yotchedwa Livingstonia Central Africa Company, imene pambuyo pake inadziwika kuti African Lakes Company, kenakanso African Lakes Corporation. Anatuma anyamata awiri apachibale ochokera ku Edinburgh, John ndi Frederick Moir, kuti adzaiyendetse. John ankavala magalasi a m'maso, anthu n'kumutcha Mandala, ndipo dzinalo linafalikira ku nyumba, ku masitolo onse a kampaniyo ndi ku dera lonse lija. Ntchito yawo inali kunyamula katundu, makalata ndi anthu a mishoni za Livingstonia ndi Blantyre, zimene zinayamba mu 1875 ndi mu 1876, komanso kubweretsa malonda a nsalu, mikanda ndi zina zotero. Ankakhulupirira zimene ankaphunzitsa David Livingstone, zoti mafumu akapeza kogula nsalu popanda kupereka anthu, malonda a akapolo adzafa okha.

Mungadabwe kuti anasankhiranji kumanga likulu lawo kumapiri, kutali ndi nyanja ndiponso kutali ndi mtsinje, pamene ntchito yawo inali ya sitima. Yankho lili pa Shire. Katundu wochokera kunja ankalowera ku Quelimane, m'zaka zapambuyo pake ku Chinde, n'kukwera Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Pamenepo sitima inkalekeza, chifukwa kumtunda kwake kuli mathithi: Kapichira, Mpatamanga, Tedzani, Nkula, Kholombidzo, ena mwa iwo omwewa amene lero amatipatsa magetsi. Katundu yense ankatsitsidwa, n'kukwera phiri pamitu ya anthu mpaka ku Blantyre, n'kutsikiranso ku Matope kumene sitima ina inkadikira kuti imuke kunyanja. Mandala inali pakati pa ulendo wapamtundawo. Pafupifupi mzungu aliyense wolowa kapena kutuluka m'dziko muno ankadutsa pamenepo, ndipo nyumbayi, mmene munkakhala manijala wa kampaniyo, inali nyumba ya banja, ofesi ndi chigono cha alendo nthawi imodzi. Msilikali Frederick Lugard anadutsa mu 1888, ndipo Harry Johnston, amene anadzalamulira dziko lino m'malo mwa Britain, mu 1889. Mkazi wa Frederick Moir, Jane, anayenda mpaka ku Ujiji pa nyanja ya Tanganyika, ndipo makalata ake anasindikizidwa kukhala buku mu 1891.

Tsopano tiione nyumbayo, chifukwa apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo.

Khoma lake ndi la njerwa zouma ndi dzuwa, zomangira matope, zija timazitcha zidina. Inde, zidina zomwe zija zimene ena a inu mumachita nazo manyazi mukapita kumudzi ndi anzanu a kusukulu. Mu 1882 kunalibe lole yobweretsa simenti. Chitsulo chilichonse, msomali uliwonse, galasi lililonse la pawindo linkayenera kuwoloka nyanja yamchere ndi kukwera phiri pamutu pa munthu, choncho womanga ankayamba wayang'ana chimene chili pansi pa mapazi ake. Dothi analipeza pomwepo, udzu wosakaniza m'dothimo kuti chidina chisang'ambike pouma analipeza pomwepo, mitengo inali yosasowa chifukwa Ndirande, Soche ndi Michiru anali asanametedwe mpala monga tawameteramu. Nyumba ya dothi imeneyo yapyola zaka 140 ili chiimire, pamene ndaonapo nyumba za njerwa zowotcha ndi simenti zikung'ambika mwini wake asanamalize kubweza ngongole ya malata.

Chinsinsi chake si mankhwala. Mdani wa chidina ndi madzi, ndipo madzi amalowa m'khoma m'njira zitatu zokha: kuchokera kudenga likadontha, kuchokera m'mbali mvula ikamawomba ndi mphepo, ndi kuchokera pansi chinyontho chikamakwera. Khonde lozungulira lija, limene inu mumaliona ngati malo okhalapo mabwana madzulo, ntchito yake yoyamba ndi kuteteza khoma. Denga likatambalala mpaka kupyola khonde, mvula imagwera kutali, ndipo ngakhale madontho odumpha pansi safika pakhoma. Blantyre ndi malo a mvula yambiri, ndipo miyezi ya Juni ndi Julaye kumabwera chiperoni, mvula yamawawa imene imanyowetsa chilichonse kwa masiku angapo osaleka. Khoma la dothi lopanda khonde silingapirire zimenezo zaka zambiri.

Ntchito yachiwiri ya khonde ndi mthunzi. Dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo, silifika pakhoma penipeni koma m'mawa ndi madzulo pamene lapendeka. Khomalo nalonso ndi lochindikala, ndipo dothi lochindikala limachedwa kutentha, limachedwanso kuzizira. Kutentha kwa masana kumatenga maola ambiri kuti kudutse m'khomamo, mwakuti kumafika m'kati usiku, pamene kunja kwayamba kuzizira ndipo munthu akufuna kampweya kofunda. Onjezanipo denga lotalikira m'mwamba, limene limapatsa mpweya wotentha malo okwererako, ndi zitseko ndi mawindo oyang'anizana kuti mphepo ilowe uku n'kutulukira uko. Nyumba yotere imadziziziritsa yokha, magetsi azime kapena ayake.

Musaganize kuti nzeru yonseyi anabwera nayo m'sitima. Makolo athu ankamanga nyumba zozungulira zokhala ndi denga lotsika mpaka kuphimba khonde, nsanamira zitazungulira, pansi pozira bwino pokwezeka kuti madzi asalowe. Azungu anali ataona kale mamangidwe a makonde ku India ndi m'matauni a m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo atafika kuno anapeza anthu akuchita zofanana ndi zomwezo pa nyumba zawo zazing'ono. Chachilendo chinali kusanja nyumba ina pamwamba pa inzake, ngodya zinayi zowongoka, masitepe ndi magalasi.

Kusanjako kunali ndi chifukwa chake. Azungu a nthawi imeneyo ankafa ndi malungo ngati sakudziwa chowapha, ndipo n'zoona sankachidziwa. Ankakhulupirira kuti nthendayo imachokera ku mpweya woipa wa m'madambo umene umayenda chapansipansi usiku, choncho ankakonda kumanga pamalo okwera ndi kugona m'mwamba. Ronald Ross anadzatulukira za udzudzu mu 1897 ali ku India, nyumba ya Mandala itakwanitsa kale zaka 15. Chifukwa chawo chinali cholakwika, koma zotsatira zake zinali zabwinoko ndithu, pakuti pamalo okwera ndi pamphepo udzudzu umachepa. Kuchokera pakhonde lapamwamba ankathanso kuona patali amene akubwera, ndipo m'zaka zimenezo kuona patali kunali nkhani ya moyo ndi imfa.

Ndiye ndikamayenda m'malokeshoni atsopano mtima umandiwawa. Munthu wagula poloti yaing'ono, wadzaza nyumba kuyambira mpanda uku mpaka mpanda uko, denga walibisa kuseri kwa kakhoma kuti nyumba ioneke ngati za m'mafilimu, malata sanatulukire kunja ngakhale chikhatho chimodzi. Madzi onse a padenga amadalira kangalande kamodzi kobisika, kamene kakatsekeka ndi masamba madziwo amalowa m'khoma. Kutsogolo kuli galasi lalikulu loyang'ana kumadzulo, ndipo pofika Novembala banja lonse limagona pansi pabalaza chifukwa kuchipinda sikulowedwa. Mmisiri mukamufunsa amati ndi zimene abwana anafuna. Abwanawo anaziona pafoni.

Sindikukuuzani kuti mumange nyumba yosanja ya zidina. Ndikukuuzani kuti musanagule thumba loyamba la simenti, muime pa poloti yanu tsiku la mvula yamphamvu muone kumene madzi amadzera. Mukweze maziko. Mutulutse denga kunja mokwanira, ngakhale zitatanthauza kuchepetsa chipinda chimodzi. Windo lalikulu muliike kumene dzuwa lamadzulo silifika, kapena mulibzalire mtengo. Mukumbe ngalande madzi asanakumbe yawo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, tinaika maliro ochuluka zedi. Ambiri mwa anthu amene anamanga m'mphepete mwa phiri ndi m'makwawa sanatero chifukwa cha kupusa, koma chifukwa malo abwino mumzinda uno anagawanidwa kalekale ndipo wosauka anatsalira zotsala. Nkhani imeneyonso imayambira m'zaka za Mandala, ndipo ndiifika. Koma inu amene mwapeza mwayi wosankha pomanga, musankhe ndi maso, osati ndi mtengo wa poloti wokha.

Tiyeni tizungulire kuseri.

Mabuku amati nyumbayi anamanga ndi a Moir. John Moir sanaponde dothi, sanaumbe zidina masauzande, sanasenze mitanda kuchoka nayo kuphiri. Anachita zimenezo ndi Amang'anja ndi Ayao a m'midzi ya mafumu monga Kapeni, ndi ena ochokera kuchigwa cha Shire kumene kunkalamulira Amakololo amene anabwera ndi Livingstone. M'zaka zotsatira, Atonga ambiri a ku Bandawe ankatsika ndi sitima kudzagwira ntchito za kampaniyo. Malipiro anali nsalu yoyeza ndi mkono. Munthu amene anawongola ngodya za nyumba imeneyi, amene anayesa ndi diso kuti khoma la pamwamba likhale bwino pa la pansi, anali mmisiri weniweni, ndipo ntchito yake yadzichitira yokha umboni zaka zonsezi. Koma mukafika simudzapeza dzina lake pa chikwangwani.

Ndiye pali amtengatenga. Kuchoka kwa Katunga kufika ku Blantyre ndi makilomita oposa 40, ndipo njira yake ndi chikweza chokhachokha, kuchoka m'chigwa chotentha mpaka pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000. Inu mumadandaula basi ikamalira pa mapiri a Thabwa. Iwo ankakwera wapansi, mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25 uli pamutu, ndipo bwana ndi dona akafuna kuyenda ankawanyamula pa machila. Sitima ya Ilala yoyamba, imene inafika pa nyanja mu 1875, inadutsa mathithi aja ili zidutswazidutswa pamitu ya anthu mazanamazana. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Zaka zonse za m'mbuyomo, chuma cha dziko lino chinkayenda pa makosi a agogo a agogo anu. Misonkho ya nyumba itayamba m'zaka za m'ma 1890, ambiri ankasenza osati chifukwa chofuna nsalu koma chifukwa chofuna ndalama ya msonkho, kuti nyumba yawo isatenthedwe.

Nyumba za azungu za nthawi ya atsamunda, kaya ku Blantyre, ku Zomba kapena m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, zinali ndi kamangidwe kofanana kumbuyo. Khitchini inkakhala payokha, kutali pang'ono, chifukwa cha utsi, kutentha ndi kuopa moto. Kupitirira apo kunali tizipinda ta antchito, tija mpaka lero timati boyizi kota, ngakhale wokhalamo ndi bambo wa imvi. Khukhi, wochapa, wa m'dimba ndi mlonda anali ndi khomo lawo lolowera, ndipo khonde lakutsogolo ankapondapo atanyamula thireyi basi. Pulani ya nyumba inkauza munthu aliyense malo ake popanda wolankhula.

Apa ndiye ndili nanu mawu, inu amene mwayamba kulemba antchito. Ulamuliro wa azungu unatha mu 1964, koma pulani ija tinaisunga bwinobwino ngati cholowa. Ndimaona nyumba zokongola za ana athu ophunzira, zimbudzi zitatu m'kati, koma mtsikana wolera ana awo amagona m'kachipinda kopanda windo pafupi ndi khola la agalu, ndipo mbale yake ndi yosiyana ndi za ena onse. Mlonda amachezera pageti usiku wa Juni wopanda ngakhale kamsasa. Ngati pali chinthu chimodzi cha m'nyumba za atsamunda chimene munayenera kuchisiya, n'chimenechi. Mwasiya khonde, limene linali lanzeru, n'kutola tsankho. Pojambulitsa pulani, chipinda cha wantchito muchiyese ndi funso limodzi: kodi mwana wa mlongo wanu atabwera kudzafuna sukulu, mungamugoneke mmenemo?

Za kampani ija, musalole munthu akuuzeni mbali imodzi yokha. N'zoona kuti inalimbana ndi malonda a akapolo. Ku Karonga, kumene inatsegula sitolo mu 1884, anthu ake anamenyana ndi Mlozi, wamalonda a akapolo, kuyambira mu 1887, pamene iye ankazunza Ankhonde, ndipo a Moir onse awiri anavulala pa nkhondoyo, Lugard nayenso. Mlozi anadzagonjetsedwa ndi kunyongedwa mu 1895 ndi asilikali a Johnston. N'zoonanso kuti phindu lalikulu la kampaniyo m'zaka zoyamba linali minyanga ya njovu, imene inkagulidwa kwa amalonda ena omwewo amene ankagulitsanso anthu, ndipo mfuti ndi onga zinali m'gulu la katundu wosinthanitsa. Kampaniyo inkayendanso ndi mapepala kwa mafumu kuti adindepo chala, ndipo dziko litakhala pansi pa Britain mu 1891, Johnston anayamba kupereka zikalata zotsimikiza kuti malo akutiakuti ndi a mzungu wakutiwakuti. Malo aakulu a ku mapiri a Shire anapita m'manja mwa makampani ndi azungu ochepa. Anthu amene anabadwira pamalopo anasanduka alendo, olipira lendi ndi thukuta lawo, ndipo thangata, amene kale anali kuthandizana kulima pakati pa anansi, anasanduka goli. John Moir mwiniwake anadzasamukira ku munda wa Lauderdale ku Mulanje, m'gulu la oyamba kulima tiyi.

Bwalo la Mandala linaona zonse ziwiri. Mu 1884 Angoni a Chikuse atawoloka Shire n'kuwononga midzi ya kuno, anthu anathawira kumapiri ndi kwa azungu, ndipo mbiri imanena kuti bwalo la kampaniyi, limene linali lotchingidwa ngati linga, linkasunga othawa nkhondo m'masiku oterowo. Patapita zaka 31, usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu a John Chilembwe anayenda kuchoka ku Chiradzulu kudzathyola nyumba yosungira zida ya kampaniyi ku Mandala komweko. Anapezamo mfuti zochepa chabe asanabalalitsidwe. Malo amene agogo ena anapulumukirapo ndi omwewo amene ana awo anadzawaona ngati nkhokwe ya mphamvu zowapondereza. Onse awiri sananame.

Ndipo dziwani ichi. Chilembwe nayenso anamanga. Ku Mbombwe anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa, chomangidwa ndi Amalawi, ndi manja a mpingo wake. Kuukira kuja kutalephera, ndipo iye ataphedwa pa 3 Febuluwale 1915, boma linachiphwasula ndi mabomba. Mishoni yake ya Providence Industrial inakhala yotsekedwa mpaka Dr Daniel Malikebu anadzaitsegulanso mu 1926. Choncho mukamva kuti nyumba zakale zimene zatsala ndi za azungu zokhazokha, musafulumire kunena kuti anthu akuda sankadziwa kumanga. Nyumba imatsala chifukwa inamangidwa bwino, inde, komanso chifukwa amene anali ndi mphamvu anailola kuti itsale, ndipo panali wina wokonza denga chaka ndi chaka.

Palinso china. Kunena kuti Mandala ndi nyumba yakale kuposa zonse sikutanthauza kuti mbiri ya dziko lino inayamba mu 1882. Makolo athu anali ndi kasungidwe kena. Mudzi unkasamuka nthaka ikaguga, ndipo m'madera ambiri mwini nyumba akamwalira nyumba yake inkagwetsedwa mwambo wa maliro ukatha. Chimene chinkakhalitsa ndi manda, mitengo ya pabwalo, mayina olowana ndi miyambo. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, ndi kanyumba ka mitengo ndi udzu, koma ndi wakale kuposa Mandala ndi zaka mazana, chifukwa akagwa anthu amasonkhana n'kumumanganso pamalo pomwepo, mwa mwambo womwewo. Zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, zimene UNESCO inaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, zina mwa izo n'zakale kuposa apo. Mlendo akakufunsani chakale kwambiri m'dziko lanu, musamuloze nyumba ya kampani yokha.

Ndamvapo achinyamata ena, ophunzira bwino ndithu, akunena kuti nyumba za atsamunda n'zofunika kugwetsa zonse, pamalopo pamangidwe mashopu. Mkwiyo wawo ndimaumva, ndipo sindiunyoza. Koma mukagwetsa nyumba ya Mandala, a Moir simuwalanga. Iwo anafa kalekale, mabuku awo ali m'malaibulale ku Scotland, zithunzi zawo zilipo. Amene mumufafaniza ndi woumba zidina uja, amene sanasiye buku kapena chithunzi, amene chizindikiro chake chokha padziko lapansi ndi khoma limenelo. Mudzakhalanso mutawononga umboni. Mdzukulu wanu akadzakana kuti kunalibe khomo la antchito, kuti zonsezi ndi nthano za okalamba, mudzamutengera kuti kukamuonetsa? Enanso, mbali inayo, amalankhula za nyumba zimenezi mousa moyo, ngati kuti inali nthawi ya mtendere ndi ukhondo imene tinaitaya. Amenewo ndimawafunsa kuti akadakhalako mu 1890, akuganiza kuti akadakhala pakhonde kapena pansi pa mtengo wa machila.

Nyumbayi lero ndi yotetezedwa ndi lamulo ngati chimodzi mwa zipilala za dziko. Inasungako zinthu zakale za fuko lino nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri isanatsegulidwe mu 1966. Pansi pakhala pali malo oonetsera ndi kugulitsa zojambula ndi zosema, ndi pomwera khofi. Pamwamba pali laibulale ya bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946, mmene muli mabuku, mapu, nyuzipepala ndi zithunzi zakale. Mukakwere masitepewo. Safunsa anadya phula. Mukafunse mapu akale a dera la kwanu, muone amene analembedwa kuti ndi mwini malo amene agogo anu ankalima. Mukaone zithunzi za amtengatenga ndi kuwerenga zimene zalembedwa pansi pake. Kawirikawiri mzungu amatchulidwa dzina, ena onse amangotchedwa gulu.

Zimenezo zisachitikenso m'banja mwanu, chifukwa nanunso muli ndi nyumba yakale. Mwina ndi ya malata anayi imene agogo anu anamanga atabwera ku Joni kapena ku Wankie, mwina ndi ya kampani imene bambo anu anagula atapuma ntchito ku Ndirande kapena ku Kanjedza, mwina ndi ya aphunzitsi akale pafupi ndi mishoni. Pitani kwa wamkulu amene watsala, musadikire maliro. Mufunseni kuti inamangidwa chaka chanji, ndalama zinachokera kuti, anaumba njerwa ndani, anakhoma denga ndani, mitengo inadulidwa nkhalango iti, anabadwiramo ndani, anamwaliriramo ndani. Foni imene mumajambulira zakudya ija ikhoza kujambulanso mawu a agogo. Mukatero mulembenso m'kope, chifukwa foni imabedwa. Mayina a amisiri ndi a amayi amene ankatunga madzi oumbira muwalembe pamodzi ndi la mwini nyumba.

Mapepala a malo muwadziwe kumene ali. Nyumba zambiri za mabanja sizigwa ndi mvula koma ndi mkangano: bambo akangotsikira kuli chete, wina akuti ndi ya ana, wina akuti ndi ya kuchimuna, wina wagulitsa kale mobisa, ndipo pamene mlandu ukuzengedwa zaka zisanu palibe amene akufuna kugula lata limodzi la nyumba imene mwina sidzakhala yake. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, koma lamulo silikwera padenga. Limbikitsani makolo anu alembe wilo akadali ndi mphamvu. Kulemba wilo si kuitana imfa. Ndipo abale mugwirizane msanga kuti amene akukhalamo kapena kutolera lendi ndi amene azikonza, ndipo ena azisonkha kangati pachaka.

Pokonzapo musamale. Khoma la zidina musalimate pulasitala wa simenti yolimba poganiza kuti mukulichitira zabwino. Simenti imatsekera chinyontho m'kati, dothi limafewa kuseri kwake inu osaona, ndipo tsiku lina chigamba chonse chimasupuka n'kugwa pamodzi ndi theka la khoma. Dothi limafuna dothi linzake, kapena laimu wosakaniza ndi mchenga, amene amalola khoma kupuma. Musaunjike dothi la maluwa kapena nkhuni motsamira khoma, chifukwa ndiyo njira ya chiswe. Mwezi wa Seputembala, mvula isanayambe, wina akwere padenga aone misomali imene yazuka ndi malata amene achita dzimbiri, wina atenge khasu atsegule ngalande, wina agogode nsanamira za khonde imodziimodzi ndi chipanga cha mpeni. Imene ikulira ngati ng'oma yadyedwa m'kati, ndipo muichotse chaka chomwecho, musanaike ina muthire mankhwala a chiswe m'dzenjemo.